Ndayamba kuyendetsa agalu koma foni ili zii, makasitomala oyamba munawapeza bwanji?

Tiyamike:
Moni nonse. Ndalowa kumene pagulu pano, ndiye mundikhululukire ngati funsoli linafunsidwa kale. Ndayamba ntchito yoyendetsa agalu a anthu otanganidwa, komanso kusamalira agalu ndi amphaka eni ake akapita kutali. Agalu ndinakula nawo, sindiwaopa. Zingwe ndagula, tsamba la Facebook ndatsegula, timapepala ta nambala yanga ndamata m'malo angapo. Koma foni ili zii. Olemba patsambapo ndi anzanga okhaokha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi galu. Inu amene munayamba kale, munatani? Mumtima ndayamba kuganiza zongogwira ulere mwezi woyamba kuti anthu andidziwe.

Yamikani:
Ulere mwezi wathunthu? Achemwali nditumizireni nambala, wanga ndibwera naye mawa m'mamawa. Ndikuchenjezeretu, amatafuna nsapato kkkk

Mayi Nambewe:
Takulandirani a Tiyamike. A Yamikani asakusokonezeni, ndi mmene alili. Tsamba lanu ndakaliona. Ndi laukhondo, koma mawu aakulu amene alipo ndi akuti mumakonda ziweto. Aliyense woyamba ntchitoyi amalemba zomwezo. Mwini galu akamawerenga sakukayikira chikondi chanu ayi. Chikumuvuta ndi kiyi. Akupatseni kiyi wa nyumba yake, muzilowa iye kulibe, muzidutsa pabalaza pali TV ndi laputopu, mutenge galu wake n'kutuluka naye kumsewu kuli magalimoto. Kapepala ka pakhoma sikangamukhazike mtima pansi pa zimenezo, ngakhale kakongole bwanji. Angamukhazike mtima pansi ndi munthu amene iye amamukhulupirira kale, atanena kuti "mtsikana uja ndimamudziwa, mpatseni."

Ndiye sabata ino musavutikenso ndi kumata mapepala. Khalani pansi mulembe aliyense amene mukumudziwa woti ali ndi galu kapena mphaka: achibale, anzanu a kusukulu, omwe munkagwira nawo ntchito, oyandikana nawo nyumba. Muwalembere mmodzimmodzi, kumutchula dzina, ndi la galu wake lomwe ngati mukulidziwa. Uthenga wongomwaza kwa anthu onse palibe amauyankha. Ndipo musamati "mukamva wofuna mundiuze," aliyense avomera n'kuiwala pomwepo. Mufunseni kuti ndani amene iye akumudziwa woti amachoka m'mawa n'kubwera usiku galu ali yekhayekha. Funso lotere munthu amaliyankha ndi dzina.

Bambo Mbewe:
Ine sindiyendetsa agalu, ndine mwini galu chabe, ndinalowa muno pofuna malangizo ena. Koma zimene anena amayiwo ndikuikira umboni. Mtsikana amene amayendetsa wanga sindinamupeze pa intaneti. Ndinkangomuona m'mawa ndikamapita kuntchito, ali ndi galu wa aneba. Akafika powolokera msewu ankaima, galu n'kukhala pansi, kenako n'kuwoloka. Galu akachita chimbudzi ankatulutsa kapulasitiki m'thumba n'kutola. Foni m'manja sindinamuonepo nayo. Patapita nthawi ndinafunsa anebawo kuti kodi mwana ameneyu ndi ndani, iwo n'kundipatsa nambala. Iye sankadziwa n'komwe kuti pali amene akumuyang'ana.

Tiyamike:
Zikomo amayi, zikomo abambo. Komatu galu woti anthu andione naye ndilibe.

Mayi Nambewe:
Bwerekani. Pa mayina mulembewo sipangalephere kupezeka agogo kapena wodwala mwendo amene galu wake anatuluka pageti kalekale. Muzituluka naye nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, njira yomweyo, pamene eni agalu amakonda kuyenda, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Anthu azolowere nkhope yanu. Valani tisheti yolembedwa ntchito yanu kumsana, zilembo zikuluzikulu. Eni agalu sativuta kuyankhula nawo, mukangofunsa kuti galuyo ali ndi zaka zingati, mutopa ndinu kumvetsera.

Madalitso:
Amayi, njira yanu ndi yabwino koma imachedwa. Masiku ano kuli ma app. Mwachitsanzo Rover, imene inayambira ku Seattle mu 2011, imagwira ntchito ku America, Canada ndi mayiko angapo a ku Ulaya. Mwini galu amasankha munthu, ndalama zimadutsa momwemo, ntchito ikatha amalemba ndemanga yoti ena awerenge. Amadulapo gawo lawo, pafupifupi 20 peresenti, koma anthu amene amakubweretsera ndi ofunadi munthu lero lomwe. Ngati kumene muli kuli app yotere, achemwali, lembetsani usiku uno.

Alinafe:
A Mada, si kulikonse kuli zimenezo. Ndipo ngakhale kumene zili, watsopano wopanda ndemanga akupikisana ndi anthu amene ali nazo mazanamazana. Mwini galu asankha ndani? Ndiye tabwerera pomwe paja, ndemanga zoyambirira zichokera kwa okudziwa. A Tiyamike, mukamafufuza mukumananso ndi app ina yotchedwa TrustedHousesitters, musasokoneze. Kumeneko simulipidwa. Mumagona m'nyumba ya mwini ulere posinthana ndi kusamalira ziweto zake, ndipo umembala mumalipira nokha pachaka. Ndi ya okonda kuyendayenda, wofuna ndalama ya lendi sangaphule kanthu.

Madalitso:
Chabwino, ndavomera theka. Koma magulu a WhatsApp ndi Facebook a dera lanu lowanimo. Musamaike malonda tsiku lililonse, akutulutsani. Muzidikira wina afunse, kapena wina akalemba kuti galu wake wasowa, inu tulukani mukathandize kusaka. Mumayenda kale m'misewuyo.

Chikondi:
Ine ndimathandizira adokotala pa chipatala cha ziweto. Tchuthi chikamayandikira, pakauntala pathu anthu amangofunsa kuti "kodi simukudziwako munthu wodalirika woti ndimusiyire galu?" Ndiye ofuna alipo, achemwali, musataye mtima. Kungoti ifenso sititchula dzina mwachisawawa, chifukwa zikakavuta uko amadzakalipira ife. Wobwera n'kuponya timapepala pakauntala anthu ali pamzere, timangoti zikomo, timapepalato m'dirowa. Timakumbukira wobwera nthawi yopanda anthu, n'kudzifotokoza bwinobwino, n'kufunsa mafunso oonetsa kuti waganizapo za tsiku loipa. Wina anandifunsa kuti akapeza galu akukakamiza kusanza koma osatuluka kanthu, mimba itatupa n'kulimba, atani. Ameneyo ndinamusungira nambala, chifukwa zimenezo zimatha kukhala kuti chifu chapotokola, makamaka kwa agalu akuluakulu a chifuwa chakuya monga German Shepherd ndi Great Dane, ndipo galu amafa m'maola ochepa ngati sanathamangire naye kuchipatala. Pitaninso kwa ometa ndi kusambitsa agalu komanso ophunzitsa agalu, nawonso amafunsidwa funso lomwelo.

Poti ndayamba, ndinene za katemera. Musagwire chingwe cha galu musanaone khadi yake. Munthu akati "inasowa koma anabayitsa," muuzeni mwaulemu kuti mudikira aipeze kapena akabayitsenso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ndipo pafupifupi 99 peresenti ya odwalawo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, ndiye kuti kwatha. Galu akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Ana a agalu nawo, amene sanamalize katemera, musawatulutse kumene kumayenda agalu ena. Katemera womaliza amabayidwa ali ndi masabata 16 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa a m'mimba mwa agalu, kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Inu nomwe mutha kukanyamula pansapato kuchoka nyumba ina kupita ina.

Yamikani:
Achemwali anafunsa za makasitomala, apatsidwa digiri ya udokotala 😂

Chikondi:
Achimwene, ndi nkhani yomweyo. Mwini galu akamva mukufunsa khadi ya katemera, mwamugwira mtima kuposa logo.

Tiyamike:
Ndikulemba zonse. Nanga za ulere zija, mwangozilumpha nonse.

Mayi Nambewe:
Sitinalumphe, timafika. Ine ndikuti ayi. Wobwera chifukwa cha ulere amachoka tsiku lomwe mwatchula mtengo, ndipo kwa anzake akakunenani kuti ndinu mtsikana wothandiza, osati munthu wa bizinesi. Choipa kwambiri n'chakuti amene ali ndi ndalama zolipira amachita mantha ndi zaulere. Amadzifunsa kuti munthu uyu akufuna chiyani m'nyumba mwanga ngati sakufuna ndalama. Zaulere zikhale ziwiri zokha: galu wobwereka uja, amene malipiro ake ndi ndemanga ndi zithunzi, komanso ulendo woyamba wokadziwana ndi galu ndi eni ake.

Madalitso:
Apa ndiye mwalimbitsa kwambiri amayi. Kuchotsako pang'ono sabata yoyamba kumathandiza munthu amene akuzengereza. Ine zinandiyendera choncho.

Mayi Nambewe:
Kuchotsako ndi kwina, mwana wanga. Zimenezo ndilibe nazo vuto, bola mtengo weniweni ulembedwe poyera ndipo tsiku lothera kuchotsako likhale lodziwika. Kukweza mtengo kwa munthu amene anazolowera wotsika ndi nkhondo, funsani aliyense muno. A Tiyamike, poika mtengo funsani amene akugwira kale m'dera lanu, muime chapakati. Muwerengerenso nthawi ya panjira. Kuyendetsa galu mphindi 30 kumadya ola lathunthu mukaphatikiza kupita, kulimbana ndi geti, kupukuta matope ndi kubwerera.

Koma ndikufuna nditaye nthawi pa ulendo wokadziwana uja, chifukwa kasitomala amapezeka kapena kutayika pamenepo. Mukalowa, musathamangire galu. Perekani moni kwa eni ake, imani chammbali, manja ali pansi, musamuyang'anitsitse m'maso, musamuweramire, musamugwire pamutu. Abwere yekha adzakununkhizeni, akachoka musamutsate. Mukaona akuyasamula asakugona, akunyambita milomo, akutembenuza mutu koyera kwa maso kukuoneka m'mbali, sanamasuke ameneyo, mpatseni mpata. Kugwedeza mchira kusakupusitseni. Mchira uli m'mwamba, thupi lili gwa, ndi chenjezo.

Kenako tulutsani kope. Musafunse kuti "amaluma?" chifukwa sindinakumanepo ndi mwini galu woyankha kuti eya. Onse amati ndi wofatsa, amangosewera. Funsani kuti akaona njinga amatani, akaona mphaka, ana akuthamanga, galu mnzake akubwera kutsogolo. Mukamulanda chinthu kukamwa amatani. Anathawapo, ndipo anatulukira pati. Pamenepo choona chimatuluka chokha, mumva "aa, kungoti amuna ovala zipewa sawafuna." Lembani mankhwala amene akumwa, zimene saloledwa kudya, chipatala chake, nambala ya munthu wina wachiwiri, komanso chilolezo cholembedwa choti mutha kupita naye kwa dokotala ndipo bilu alipira mwini. Mukatha, tulukani nonse mukazungulire pang'ono, chingwe chiyambe ndi mwini kenako akupatseni inu galu akuona. Yesani kolala, pazilowa zala ziwiri zokha. Ikakhala yokhwepa, galu akangochita mantha n'kubwerera chammbuyo mutu umapulumuka, inu kutsala ndi chingwe m'manja.

Kiyi muyese pachitseko mwini ali pomwepo, makiyi odulitsa ena satsegula. Pa kiyiyo musalembe adiresi kapena dzina la munthu, ikani kachingwe ka mtundu kapena nambala yodziwa nokha.

Bambo Mbewe:
Kope limenelo ndi limene linanditsitsa mtima ine. Ndiwonjezere chimodzi. Mtsikana wanga uja akabweza galu amatumiza chithunzi ndi mawu ochepa: tayenda mphindi 40, wachita chimbudzi bwinobwino, ndamupeza ndi nkhupakupa kukhutu ndachotsa, madzi ndathira, geti ndakhoma. Uthenga umenewo umandipeza ndili muofesi, ndipo ndimaonetsa anzanga osafunsidwa. Ena mwa iwo pano ndi makasitomala ake.

Alinafe:
Nonse mwakakamira agalu. A Tiyamike, musaiwale amphaka, ine ndinayambira kumeneko. Mphaka sakonda kusamutsidwa, ndiye eni ake akamachoka amafuna munthu wobwera kunyumba kamodzi kapena kawiri patsiku, kumpatsa chakudya, kusintha madzi, kuyeretsa bokosi la mchenga. Ntchito yake ndi yopepuka ndipo opikisana nawo ndi ochepa, poti ambiri patsamba pawo amangoika zithunzi za agalu. Mwini mphaka akaona choncho amadutsa. Ikani mphaka pachithunzi, mulembe zimene mumachita pa ulendo umodzi.

Amphaka ena simuwaona sabata yonse, ali pansi pa bedi. Musawakoke. Umboni woti ali bwino uli m'mbale ndi mumchenga. Mukapeza mbale sinakhudzidwe tsiku lachiwiri, imbani foni, mphaka akakhala masiku osadya chiwindi chimavuta. Wamwamuna akamapitapita kubokosi, kuchita kudzikakamiza koma mkodzo osatuluka, ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo musayerekeze kumupatsa paracetamol, imapha mphaka. Chimodzimodzi mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin, komanso maluwa a lily akapezeka patebulo. Zoterezi mukazitchula pa ulendo wokadziwana, mwini mphaka sayang'ananso kwina.

Limbani:
Ndachedwa kufika koma chenjezo langa ndi lofunika kwa watsopano. Nambala yanu ikangoyamba kuoneka poyera, mulandira uthenga wokoma kwambiri. Munthu akuti akusamukira m'dera lanu, ali ndi agalu awiri, mtengo sakunenerera, kukumana sangathe poti ali paulendo. Kenako akutumizirani cheke kapena umboni wa malipiro oposa amene munagwirizana, n'kunena kuti walakwitsa, zotsalazo mutumize kwa amene akunyamula katundu wake. Mukatumiza zanu zenizeni, zake zija zimapezeka zabodza. Amasaka atsopano chifukwa akudziwa kuti mtima uli m'mwamba. Galu amene simunamuone ndi maso, musamulandirire kanthu. Ndiponso pokakumana ndi munthu wachilendo kunyumba kwake, uzani wina kumene mukupita, kapena mupite awiri.

Tiyamike:
Ee, zimenezo sindikanazidziwa. Funso lina, mnzanga wandiuza kuti azakhali ake angafune munthu, koma amakhala mbali ina ya tauni, kutali ndithu. Ndivomere?

Yamikani:
Apa ndiyankhe mosaseka. Ngati ndi kukagona kumeneko iwo atachoka, vomerani, mtunda ulibe kanthu. Koma ngati ndi kuyendetsa galu tsiku ndi tsiku, mapanga awiri avumbwitsa. Anthu ambiri amafuna nthawi yofanana, ndiye muzichedwa uku, muzichedwa uko, ndalama n'kuthera panjira. Sankhani dera loti mutha kulizungulira wapansi kapena panjinga, mudzaze limenelo. Agalu atatu mumsewu umodzi amapindulitsa kuposa asanu omwazikana.

Mayi Nambewe:
Lero a Yamikani ayankhula zanzeru, lembani tsikuli. Kungoti kasitomala woyamba wolipira ine sindingamukane msanga. Pitani mukawaone azakhaliwo, mwina akufuna kawiri pasabata, zimenezo zimatheka. Akakhutira apempheni ndemanga ya mizere iwiri komanso chilolezo choti wofuna umboni aziwaimbira. Zithunzi za galu wawo muike patsamba atalola, ndipo nyumba kapena geti zisaoneke. Musalembenso kuti eni ake kulibe.

Madalitso:
Fufuzaninso malamulo a kumene muli, amasiyana. Ku England mwachitsanzo, malamulo a 2018 amafuna kuti wosunga agalu a eni kunyumba kwake ngati bizinesi akhale ndi laisensi ya khonsolo, pamene kungowayendetsa sikufuna laisensi imeneyo. Inshuwalansi nayo, ngati ikupezeka, dulani. Galu akagwetsa wanjinga chingwe chili m'manja mwanu, oyamba kugwidwa ndinu. Ndipo mukakhala nayo ilembeni patsamba, anthu amaiona.

Chikondi:
Chomwe chatsala ndi kutentha. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu. A mphuno zophwatalala monga Pug ndi Bulldog ndiye amavutika msanga. Kasitomala akafuna kuti muzibwera masana dzuwa lili pamutu, muuzeni kuti nthawi imeneyo mungomutulutsa akakodze n'kusewera naye pamthunzi, ulendo wautali m'mawa. Ikani kuseri kwa dzanja paphula masekondi 7, mukalephera kupirira ndiye kuti mapazi ake apsa. Akayamba kudzandira, dovu lili chuchuchu, muthireni madzi ozizira pomwepo kenako kuchipatala. Ena amaopa kuti akatsutsa kasitomala amutaya. Ine ndaona eni agalu akuchita kuyamikira.

Tiyamike:
Zikomo nonse, kope langa ladzaza. Lomaliza: ndimaona zithunzi za anthu atagwira agalu asanu kapena kuposa nthawi imodzi. Ndingayambe liti zimenezo? Zikuoneka kuti ndalama zili pamenepo.

Mayi Nambewe:
Osati pano. Yambani ndi mmodzimmodzi, kapena awiri a nyumba imodzi. Mukawadziwa bwino mutha kuphatikiza ogwirizana msinkhu ndi mayendedwe, eni ake onse atavomera, ndipo akumane koyamba panja, osati pageti pa mmodzi wa iwo. Zingwe zodzikoka zokha zija zisiyeni, gwiritsani chingwe wamba chosatalika kwambiri. Ndipo galu wa eni musamumasule chingwe popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale akuuzeni kuti amabwera akamuitana. Amabwera akaitana mwini wake.

Yamikani:
Wanga sabwera ngakhale ndiitane ine kkkk

Chikondi:
Pa zophatikizazo muzifunsanso ngati wamwamuna anafulidwa, komanso ngati wamkazi anatsekedwa. Wamkazi wosatsekedwa amalowa nyengo yofuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, kwa masabata 2 mpaka 3. Nthawi imeneyo muyendetseni yekha, nthawi yopanda agalu ambiri, kapena muzingosewera naye mkati mwa mpanda. Eni ena amaiwala kunena, ndiye funso limenelo likhalemo m'kope mwanu.